Madyerero a ku Whitehall ndi Ulamuliro wa Mafumu a ku England

M'mabuku a chuma a nyumba yachifumu ya ku England, kuyambira pa ufumu wa Henry VIII mu 1509 mpaka pa kugwa kwa Charles I mu 1649, muli ndalama zochuluka zimene zinathera pa nsalu za silika, nthenga, makandulo, zigoba zobisa nkhope ndi malipiro a oimba ndi ochita zisudzo. Munthu angafulumire kunena kuti mafumuwa ankangosakaza chuma cha anthu pofuna kuthetsa ulesi. Umboni umene ulipo ukulozera kwina. Mfumu ya nthawi imeneyo inalibe gulu lalikulu la asilikali okhazikika, inalibe apolisi, ndipo Nyumba ya Malamulo inkakumana pokhapokha mfumuyo ikaiitana. Mphamvu yake inkatsamira pa mabanja ochepa a anthu olemekezeka, eni minda ikuluikulu, amene ankatha kuichirikiza kapena kuiukira. Anthu oterewa ankafunika kuwasunga pafupi, kumuonetsa aliyense malo ake, ndi kumva zimene zili mumtima mwawo zisanasanduke chiwembu. Ntchito imeneyi inkachitikira pa maphwando a nyengo ndi nyengo. Chisangalalo chinali mbali ya ulamuliro, ndipo chinkathandiza ufumu malinga ngati chinali ndi khomo lolowera anthu ndi mawu awo.

Chaka cha kunyumba yachifumu chinkayenda ndi kalendala ya mpingo pamodzi ndi nyengo ya dzikolo. Ku England Khirisimasi imafika m'nyengo yozizira kwambiri, dzuwa likulowa cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo usiku wautaliwo unkafuna chochita. Kusala kwa Adiventi kukatha, kunkabwera masiku 12 a madyerero, kuyambira pa 25 Disembala mpaka pa 6 Januwale, kenaka zisudzo ndi magule zinkapitirira mwa apo ndi apo kufikira Lenti atayamba. Pa 1 Meyi anthu ankatuluka kukalandira nyengo ya maluwa kuthengo, ndipo kukafunda mfumu inkasamuka ku London kukayendera madera ndi kukasaka. Zonsezi zinali ndi mwini wake m'boma. Mu 1545 Thomas Cawarden analandira kalata yachifumu yomuika kukhala mkulu wa ofesi ya zisangalalo, ndipo mu 1581 wolowa pa udindowu, Edmund Tilney, anapatsidwa mphamvu younika masewero asanaonetsedwe. Mu 1583, pamene ankasankha akatswiri opanga gulu la zisudzo la mfumukazi Elizabeth I, lamulo linachokera kwa Francis Walsingham, nduna yomwe inkayang'anira akazitape a boma. Nduna yotanganidwa ndi ziwembu zofuna kupha mfumukazi sikadataya nthawi pa ochita zisudzo ikadawaona ngati achabechabe.

Tsiku la 1 Januwale likuonetsa bwino mmene mwambo unkagwirira ntchito ya ndale. Pa tsikuli aliyense wa udindo, kuyambira mabishopu ndi nduna mpaka ophika ndi asing'anga a m'nyumbamo, ankabweretsa mphatso kwa mfumu, ndipo alembi ankalemba dzina la munthu ndi chimene wapereka. M'masiku a Elizabeth akuluakulu ankapereka timatumba ta ndalama za golide, amayi olemekezeka ankapereka zovala zopeta ndi zibangili, ophika ankapereka zotsekemera. Mfumukazi inkabweza ndi zikho ndi mbale zasiliva zokutidwa ndi golide, zoyezedwa pa sikelo molingana ndi ulemu wa wolandirayo. Apa mawu akuti kupatsa n'kuika ankakwaniritsidwa poyera, chifukwa aliyense ankadziwira pa kulemera kwa chikho chake pamene waima m'maso mwa mwini dziko. Kukana mphatso kunali chigamulo. Pa Chaka Chatsopano cha 1532 Henry VIII anabweza chikho chagolide chimene mkazi wake Catherine wa ku Aragon anamutumizira, koma analandira mikondo yosakira nguluwe yochokera kwa Anne Boleyn. Kazembe wa mfumu yaikulu Charles V, Eustace Chapuys, analembera mbuye wake za nkhaniyi, popeza inkanena momveka kuposa kalata iliyonse kuti banja lija latha ndipo England akulowera njira ina.

Ngakhale masewera ooneka opusa kwambiri anali ndi cholinga. Pa Khirisimasi kunkasankhidwa munthu wokhala mfumu yachipwirikiti, wokhala ndi nduna zake zabodza, asilikali ake ndi zitsiru zake, wolamulira nthabwala zonse za nyengoyo. Wotchuka pa onse anali George Ferrers, amene anasankhidwa pa Khirisimasi ya 1551 pamene Edward VI anali mnyamata wa zaka 14. Pa nthawiyo amalume ake a Edward, Edward Seymour wa ku Somerset, amene poyamba ankalamulira dziko m'malo mwa mwanayo, anali m'ndende ya Tower of London ataweruzidwa kuti aphedwe. Amene anawagwetsa, John Dudley wa ku Northumberland, ndiye anali ndi mphamvu, ndipo chaka chimenecho madyerero anakula kuposa kale. Ferrers anatsika pabwato kuchokera ku Greenwich n'kuguba ndi gulu lake m'misewu ya London, anthu akuonerera. Olemba mbiri a m'badwo womwewo ananena poyera kuti phokosolo linali lochotsa maganizo a mfumu yachichepere ndi a anthu pa tsoka la Somerset, amene anadulidwa mutu pa 22 Januwale 1552. Nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, komabe ikutsimikiza kuti olamulira ankadziwa zimene phwando lingachite.

Mipikisano yolasana ndi mikondo atakwera pa akavalo inkalankhula kwa magulu ena awiri a anthu: akazembe a mayiko akunja ndi khamu la mumzinda. Mu Febuluwale 1511 Henry anachititsa mpikisano waukulu ku Westminster pokondwerera mwana wake wamwamuna amene anabadwa pa 1 Januwale, ndipo analamula kuti zonse zijambulidwe pa mpukutu wautali umene ulipobe. Pa mpukutuwo, pakati pa oliza malipenga, pali John Blanke, munthu wakuda amene ankalandira malipiro monga woimba wa mfumu. Mwanayo anamwalira mwezi womwewo, koma chithunzi cha ufumu wolemera ndi wolimba chinali chitafalikira kale. Pa 1 Meyi 1515 Henry anatengera akazembe a ku Venice kuthengo pafupi ndi Greenwich, kumene alonda ake anavala ngati gulu la Robin Hood wa m'nthano, ndipo akazembewo analembera kwawo za kukongola ndi nyonga za mfumuyo. Elizabeth, pokhala mkazi, sankakwera kavalo kukalasana, choncho anatembenuza mwambowo. Pa 17 Novembala, tsiku lokumbukira kulowa kwake ufumu, amuna olemekezeka ankalasana pamaso pake kunyumba yachifumu ya Whitehall, aliyense atabwera ndi chishango cholembedwa mwambi womutamanda kapena wodandaula mwaulemu. Anthu wamba ankalipira kangachepe n'kulowa kudzaonerera.

Maulendo a nyengo yotentha ndiwo amaulula chinthu chofunika koposa, chakuti kulankhulaku kunkachokera mbali zonse ziwiri. N'zoona kuti mfumukazi inkathawa mliri umene unkavuta mu London kukatentha, ndipo nyumba zachifumu zinkafunika kutsukidwa anthu mazanamazana atakhalamo miyezi yambiri. Koma Elizabeth anapita mpaka ku Bristol mu 1574 ndi ku Norwich mu 1578, akuima m'misewu kumva malonje ndi madandaulo a mizinda. Amene ankamulandira m'nyumba zawo ankanena zakukhosi kudzera m'masewero. Mu Julayi 1575 Robert Dudley wa ku Leicester anamusunga masiku 19 ku Kenilworth ndi makombola oyaka mumlengalenga, nyimbo za panyanja yokumba ndi zisudzo zokamba za ukwati, pomwe iye mwini ankafuna kumukwatira. Mu 1591 Edward Seymour wa ku Hertford, mwana wa Somerset uja, amene anakhalapo m'ndende chifukwa chokwatira mwachinsinsi Katherine Grey wa magazi achifumu, anakumbitsa dziwe looneka ngati mwezi watsopano ku Elvetham pofuna kubwerera m'chisomo. Mu Januwale 1562 ophunzira zamalamulo a ku Inner Temple anaonetsa mfumukazi sewero la Gorboduc, lonena za dziko limene linagwa m'nkhondo chifukwa chosowa wolowa ufumu wodziwika. Mawu amene nduna ikadaopa kuwanena pamsonkhano, wosewera ankawanena atavala chovala cha munthu wina.

Wina angatsutse kuti tikuika nzeru zakuya pamene panali kukonda zosangalatsa chabe. Henry ankakonda kulasana mpaka anagwa koopsa pa kavalo ku Greenwich mu Januwale 1536, ndipo James I ankathawa ntchito za boma kukasaka. Kutsutsaku kuli ndi choona chake, chifukwa anthuwa ankasangalala ndithu, ndipo ena ankaledzera mochititsa manyazi. Koma m'dziko limene mawu a munthu mmodzi amagawa minda, maudindo ndi imfa, chimene chimamukondweretsa munthuyo chimasanduka njira yofikira ku mphamvu. Anne Boleyn anaonekera koyamba m'zolembedwa za kunyumba yachifumu ya England akusewera m'chionetsero cha mu Malichi 1522 kunyumba ya Kadinala Wolsey. Pa 6 Januwale 1618, James atatopa ndi gule wina n'kuyamba kukalipira ovina, George Villiers wa ku Buckingham analumphira pabwalo n'kuvina mwaluso mpaka mkwiyo wa mfumu unatha. Wansembe wa kazembe wa ku Venice, Orazio Busino, analipo ndipo analemba zonse. Villiers ndiye anali wamphamvu kuposa nduna zonse mpaka imfa yake mu 1628. Akazembe a France ndi Spain ankakangana kwa masabata pa nkhani ya amene aitanidwe ku gule uti ndi mpando umene akhalepo, ndipo sankalimbirana zachabe.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba: ndani ankalipira? Akapitawo a mfumu anali ndi ufulu wogula chakudya pa mtengo wotsika umene iwo eni anakhazikitsa, ndi wotenga ngolo ndi akavalo a alimi kuti zinyamule katundu wa paulendo, nthawi zina m'nyengo yokolola. Nyumba ya Malamulo inadandaula za mchitidwewu mobwerezabwereza. Palibe chifukwa chokometsera zimenezi, popeza mlimi wolandidwa ngolo sankalawa nyama ya ku Kenilworth. Komabe kutsutsaku sikugwetsa mfundo yathu, kukungoionjezera funso lina: pa mtengo wonsewo, anthu ankapezapo chiyani? Pansi pa Elizabeth ankaona wolamulira wawo ndi maso, ankamupatsira makalata a madandaulo m'manja, ndipo katundu wambiri wa madyerero ankagwera anthu olemera amene ankamulandira. Mtengo unali wowawa, koma unkagula mgwirizano wooneka pakati pa mpando wachifumu ndi dziko.

Mgwirizanowu unayamba kutha pamene chisangalalo chinatsekeredwa m'chipinda. Mafumu a banja la Stuart, James I ndi Charles I, anakonda kwambiri gule wa zigoba wotchedwa masque, wophatikiza ndakatulo, nyimbo ndi makina osuntha mitambo ndi mapiri, amene Ben Jonson ndi Inigo Jones anamukweza kuyambira pa 6 Januwale 1605, tsiku limene mfumukazi Anne, mkazi wa James I, ndi amayi olemekezeka a m'nyumba yake anadzipaka utoto wakuda n'kuvina ngati ana a mtsinje wa Niger. Gule wotere ankadya mapaundi zikwizikwi, ankavinidwa kamodzi kapena kawiri, ndipo ankaoneredwa ndi oitanidwa okha. Jones ankakonza bwalolo mwakuti zonse zioneke bwino kwambiri kuchokera pa mpando wa mfumu. Nkhani yake inkabwerera pamodzimodzi: chipwirikiti chimabuka, kenaka banja lachifumu limatulukira ndipo bata limadza lokha. Charles I sanachite mwambo wolowa mu London moguba atavekedwa ufumu mu 1626, mipikisano ya mikondo inazimirira, ndipo kuyambira 1629 mpaka 1640 analamulira popanda Nyumba ya Malamulo. William Prynne atalemba buku lodzudzula zisudzo, limene linamveka ngati likunyoza mfumukazi Henrietta Maria, mkazi wa Charles, anadulidwa makutu mu 1634. Mu Januwale 1640, Scotland atamuukira kale, Charles anavinabe mu Salmacida Spolia ngati mfumu yoleza mtima yogonjetsa chisokonezo ndi nzeru zake. Ameneyu anali gule wake wotsiriza wa mtunduwu.

Magule sindiwo anayambitsa nkhondo yapachiweniweni ya 1642. Misonkho yosavomerezedwa, mikangano ya chipembedzo ndi mavuto a Scotland ndi Ireland ndiwo anakoleza motowo. Koma adani a mfumu anaonetsa ndi zochita zawo kuti ankaona madyerero ngati nkhani ya ulamuliro. Mu 1642 Nyumba ya Malamulo inatseka nyumba za zisudzo mu London, mu 1647 inathetsa zikondwerero za Khirisimasi, Isitala ndi Pentekoste, ndipo pa 30 Januwale 1649 Charles anadulidwa mutu kutsogolo kwa Banqueting House, nyumba imene Jones anamangira maphwando ndi magule a James, bambo ake a Charles. Opambanawo nawonso analakwitsa, chifukwa anthu a ku Canterbury ndi mizinda ina anachita zipolowe pofuna Khirisimasi yawo, ndipo ufumu utabwerera mu 1660 zikondwerero zinabwerera nawo. Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti phwando la wolamulira tisaliyese ndi mtengo wake wokha. Tifunsenso kuti ndani akuloledwa kuliona, ndipo ndani akuloledwa kunenapo mawu amene wolamulirayo sakadafuna kumva. Elizabeth anakhala pansi n'kuonerera Gorboduc mpaka kumapeto. Charles ankangomva ndakatulo zomuuza kuti zonse zili bwino, ndipo anataya njira imodzi yodziwira mmene dziko lake linkaganizira.