Julian Bond, Phungu Amene Adakanizidwa Mpando Wake

M'nkhani yathu ya mbiri lero tiwoloka nyanja kupita ku America, kuchigawo cha Georgia, kuti timve za a Julian Bond, phungu amene anthu adachita kumsankha katatu asanaloledwe kukhala pampando wake.

Tiyambe tafotokoza kuti dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba ya malamulo yakeyake, kuwonjezera pa nyumba yaikulu ya ku Washington. Ya ku Georgia imakumana mumzinda wa Atlanta, ndipo ili paŵiri: House of Representatives ndi Senate.

A Bond adabadwa pa 14 January 1940 ku Nashville, m'chigawo cha Tennessee. Agogo ao aamuna adabadwira muukapolo ku Kentucky, koma atate ao, a Horace Mann Bond, adaphunzira kufikira adakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera yunivesite ya Lincoln ku Pennsylvania m'chaka cha 1945. Banjali lidasamukira ku Atlanta mu 1957, ndipo mnyamata Julian adaloŵa koleji ya Morehouse. Masiku amenewo, kumwera kwa America, wakuda sankaloledwa kudya kapena kuphunzira pamodzi ndi mzungu, ndipo ambiri ankatsekerezedwa kuponya voti. Mu 1960 a Bond adali m'gulu la ophunzira amene adakhazikitsa bungwe la SNCC, lolimbana ndi tsankho popanda ziwawa. Chaka chotsatira adasiya sukulu kuti azifalitsa nkhani za bungwelo, ndipo digiri yao adakailandira mu 1971.

Khomo la ndale lidatseguka pamene makhoti adalamula kuti madera a chisankho adulidwenso molingana ndi chiŵerengero cha anthu, pakuti kumidzi, kumene anthu adali ochepa, kunkachokera aphungu ochuluka kuposa kumizinda. Motero Atlanta adapeza mipando yatsopano, ndipo mu June 1965 a Bond, ali ndi zaka 25, adapambana umodzi mwa mipandoyo m'dzina la chipani cha Democratic.

Tsono asanalumbire kudagwa zina. Pa 3 January 1966 mnyamata wina wa SNCC, Sammy Younge, amene adagwirapo ntchito ya usilikali wa panyanja, adaomberedwa ku Tuskegee pa mkangano wa chimbudzi cha azungu okhaokha. Patapita masiku atatu bungwelo lidatulutsa chikalata chodzudzula nkhondo imene America inkamenya ku Vietnam, ndiponso chomvera chisoni anyamata okana kulembedwa usilikali mokakamiza. Mtolankhani atawafunsa, a Bond sadabise: adati akugwirizana nacho.

Pa 10 January, tsiku lolumbiritsa aphungu, anzao akuda amene adasankhidwa nawo pamodzi adalumbira, koma iwo adauzidwa kuima pambali. Aphungu 184 adavota kuti asapatsidwe mpando, ndipo 12 okha ndiwo adaima nawo. Chifukwa chimene adapereka n'chakuti munthu wolankhula motero sangalumbire ndi mtima woona kuti adzasunga malamulo aakulu a dziko.

Anthu a m'dera lao sadagwe mphwayi. Chisankho chapadera chitachitika mu February adasankhanso a Bond, ndipo nyumba idawakananso. Mu November adawasankhanso kachitatu. Uku mlandu udali ukuyenda m'makhoti, ndipo mmodzi wa odandaula adali Mbusa Martin Luther King, amene ankakhala m'dera lomwelo. Khoti loyamba lidakomera nyumba ya malamulo, oweruza aŵiri motsutsana ndi mmodzi. Koma pa 5 December 1966 Bwalo Lalikulu la dziko lonse, pa mlandu wotchedwa Bond v. Floyd, lidagamula mogwirizana, oweruza onse 9, kuti nyumbayo idaphwanya ufulu wa kulankhula. Mkulu wa oweruza, a Earl Warren, adafotokoza kuti phungu ayenera kunena poyera maganizo ake pa nkhani zovuta, kuti omsankha amdziŵe bwino ndi kumuweruza okha. A Bond adalumbira mu January 1967.

Adakhala m'nyumba yoyambayo kufikira 1975, kenaka adaloŵa mu Senate kufikira 1987, zaka 20 zonse pamodzi. Pamsonkhano waukulu wa chipani chao ku Chicago mu 1968, ena adatchula dzina lao kuti aimire udindo wa wachiŵiri kwa pulezidenti, koma adadzichotsa okha poti adali ndi zaka 28, pamene lamulo lifuna 35. Ali mu Senate adamenyera nkhondo kuti dera la Atlanta lotumiza phungu ku Washington lidulidwe mwakuti akuda akhale ochuluka, ndipo zidatheka mu 1982. Koma mpando wa dera limenelo sadaulaŵe. Mu 1986 adapikisana ndi mnzao wakale wa mu SNCC, a John Lewis, ndipo ngakhale adatsogola ulendo woyamba, pa chisankho chachibwereza adagonja.

Atachoka m'ndale adaphunzitsa mbiri ku yunivesite ya Virginia, ndipo kuyambira 1998 mpaka 2010 adali wapampando wa bungwe la NAACP. Adamwalira pa 15 August 2015 ku Florida, ali ndi zaka 75.

Omvera athu, mlandu wa a Bond udakhazikitsa mfundo yakuti mpando wa phungu eniake ndi anthu amene adamsankha. Aphungu 184 adalephera kuulanda mu 1966, pamene anthu wamba a ku Atlanta adakhoza kumana a Bond mpando wina mu 1986, ndipo iwo adavomereza. Kwa lero tilekere pomwepa. Tsalani bwino.