Bambo ndi Mai Murray m'Zaka za Kusandulika kwa Misyoni

Pa nyengo ya cikondwerero monga yino timakonda kuwerenga maina a masiteshoni ndi zaka zimene anayambidwa, ndipo nkoyenera kutero. Koma m'kati mwa zaka zimenezo munali anthu amene anasenza kulemera kwace. Cifukwa cace ife aphunzitsi a m'midzi tafuna kuikapo mau pang'ono za banja limodzi, Mbusa William Hoppe Murray ndi akazi ao, Mai Elizabeth Murray, amene anatsogolera Misyoni ya Dutch Reformed m'dziko la Nyasaland pa nthawi imene makonzedwe ace onse analikusandulika. Anaipeza Misyoni iri khanda loberekedwa pa msana pa Livingstonia, ndipo anaisiya iri Presbiterio wa Mpingo wa C.C.A.P., wokhala ndi abusa obadwira m'dziko lino, ndi Buku Lopatulika m'cinenero cathu. Kuti izi zicitike, panali zambiri zimene iwo anazikonda, nayenera kuzipereka m'manja mwa ena.

Masiku a pa Mvera

Nchito inayamba pa Mvera, m'dziko la mfumu Ciwere, m'mwezi wa November caka ca 1889, pofika Mbusa A. C. Murray ndi Mbusa T. C. B. Vlok. Amene anawatuma ndiwo bungwe la abusa a ku Cape, osonkha ndalama za m'thumba mwao. Ndipo kuno anagwira nchito moyang'aniridwa ndi Misyoni ya Livingstonia, imene mkulu wace anali Dr Robert Laws. Bambo William Murray anabadwa m'caka ca 1866, mwana wa mbusa wa ku Worcester. Atate ao ndi atate a A. C. Murray anali a mimba imodzi, kotero kuti pa mwambo wathu tinganene kuti awiriwo anali munthu ndi mng'ono wace. Anafika kuno m'caka ca 1894, caka comweco cimene anatsegula Kongwe; ndipo m'caka ca 1896 anatsegula Nkhoma, patsinde pa phiri limene anthu a mfumu Mazengera anabisalako poopa nkhondo ya Angoni.

M'caka ca 1901 A. C. Murray anabwerera ku Cape, ndipo utsogoleri unagwera mng'ono waceyo. Inali nthawi yobvuta, pakuti nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi, ya 1899 kufikira 1902, inali isanathe. Mpingo umene unawatuma unasauka nayo nkhondoyo, ndipo Boma limene analikukhala pansi pace kuno linali la Angerezi omwewo amene analikumenyana ndi abale ao. Nkhondo itatha, m'caka ca 1903, Sinodi wa ku Cape anatenga nchito yonse m'manja mwa bungwe la abusa lija, ndipo Misyoni inayamba kuima payokha, yosayang'aniridwanso ndi Livingstonia. Caka comweco anakhazika Bungwe la Mipingo, m'mene akulu a mpingo a dziko lino anakhala pamodzi ndi abusa aciZungu kuweruza mirandu ndi kupanga malamulo a Mpingo. Apa ndipo panayambira kugawana mphamvu, ngakhale mau omariza anatsalabe kwa amisyoni.

Nchito ziwiri m'nyumba imodzi

Pamwamba pa utsogoleri, Bambo Murray anasenzanso katundu wina. Pa msonkhano wa amisyoni umene unacitikira ku Livingstonia m'caka ca 1900, anapangana kuti pakhale Buku Lopatulika limodzi la Cinyanja, loti amve a ku Blantyre ndi a kuno komwe. Pakuti kufikira pamenepo Misyoni iri yonse inamasulira m'kanenedwe ka kwao. Dr Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anatsogolera bungwe la omasulira, koma gawo lalikuru la nchito linagwera Bambo Murray. Kawirikawiri anapatuka kunka ku phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera, kuti akagwire nchitoyo popanda phokoso, pamodzi ndi aphunzitsi monga Jonathan Sande ndi Wilibes Cikuse. Mzungu anadziwa Cihebri ndi Cihelene, koma amene anadziwa ngati mau akoma m'khutu la Mcewa ndi iwowa; ndipo tiyenera kukumbukira maina ao pamene tiwerenga Mau a Mulungu m'masukulu mwathu.

Mabuku a misonkhano asunga maina a amuna, pakuti ndiwo anakhala m'mabungwe. Koma nyumba ya mkulu wa Misyoni inaima pa mkazi. M'nyumba yotere ndimo munafikira mmisyoni watsopano wosadziwa mau ngakhale amodzi a Cinyanja, ndimo anagonekamo odwala malungo, ndimo munadyera alendo a pa msonkhano. Ndipo pamene mwamuna anali pa ulendo wa macila woyendera masukulu, kapena ali ku Kaso, madandaulo a pa siteshoni anafikira pa khomo lomwelo. Mai Murray, amene kwao anali a banja la Duckitt, anaika mtima wao makamaka pa asungwana. M'nyumba za asungwana za Misyoni ana akazi anaphunzira kuwerenga, kusoka, kusamala ana ndi nyumba, ndi Mau a Mulungu. Ndipo ambiri a iwo anakwatiwa ndi aphunzitsi, nanka nao ku midzi yakutali. Ife a m'midzi tidziwa bwino kuti sukulu imakhazikika msanga kumene mkazi wa mphunzitsi adziwa kuwerenga, pakuti amai a pamudzi amayamba kufunsa kwa mkazi mnzao zimene sangafunse kwa mwamuna.

Kusamuka ndi nkhondo

Pofika caka ca 1913 likulu la Misyoni linacoka pa Mvera kunka ku Nkhoma. Cimodzi ca zifukwa zace cinali nthenda ya kaodzera, yofala ndi nchenche za kashembe, imene inabuka m'cigwa ca kunyanja pansi pa Mvera; ndiponso Nkhoma anali malo okwera, a madzi okwanira, okhala pakati pa masiteshoni ena. Sukulu ya aphunzitsi inasamuka, makina osindikizira mabuku anasamuka, ndi banja la a Murray lomwe. Ife Acewa tidziwa kuti kusamutsa mudzi ndi cinthu cowawa, pakuti munthu asiya mitengo imene anaoka ndi manda a anzace. Iwo anacoka pa malo pamene anayambira nchito ali anyamata, nakayambanso kumanga atafika kale pa msinkhu. M'caka ca 1915 cipatala ca Nkhoma cinayamba.

Asanakhazikike bwino, inagwa nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918. Amuna ambiri a m'midzi anatengedwa kukasenza katundu wa asilikari, nchito ija ya tengatenga, ndipo ambiri sanabwereko. Masukulu anacepa ana ndi aphunzitsi. Mbusa Robert Napier wa ku Blantyre, amene anathandiza Bambo Murray pomasulira Cipangano Cakale, anaphedwa m'nkhondoyo m'caka ca 1918. Komabe nchito inatha, ndipo Buku Lopatulika lonse linasindikizidwa m'caka ca 1922, patapita zaka 22 cipanganire. Caka comweco Boma la Apwitikizi linatseka nchito ya Misyoni m'dziko lao, pamodzi ndi siteshoni ya Mphatso. Ndipo pofika 1924 Livingstonia inapereka Kasungu kwa a Dutch Reformed. Cotero malire a nchito anafupika kwina, natambasuka kwina.

Kulowa mu Mpingo umodzi

Kusandulika kwakukuru koposa kunadza m'zaka za 1924 kufikira 1926. M'caka ca 1924 Presbiterio wa Livingstonia ndi wa Blantyre analumikizana, nakhala Mpingo umodzi wa C.C.A.P., ndipo Dr Laws anakhala Mtsogoleri woyamba wa Sinodi wace. Bambo Murray anafuna kuti Nkhoma ilowemo. Iwo anakhala zaka zambiri pa gome limodzi ndi abusa a ku Scotland pomasulira, ndipo anaona kuti Mkristu wa ku Dowa wonka ku nchito ku Blantyre sayenera kukhala mlendo pa Mgonero wa Ambuye. Koma ku Cape kunali ena amene anaopa kuti ciphunzitso catsopano ca ku Ulaya, cokayika mbali zina za Malembo, cingalowe m'mipingo kudzera mwa a ku Scotland. Mkulu wa Misyoni anaima pakati pa amene anamtuma ndi amene anagwira nao nchito, ndipo mbali zonse ziwiri zinayenera kumkhulupirira. Potsiriza a ku Cape analola, atapangana kuti Nkhoma ikhale ndi ufulu wa kuturukamo ngati ciphunzitso cikapatuka. Ndipo m'caka ca 1926, pa msonkhano wa ku Blantyre, Nkhoma inalandiridwa monga Presbiterio wacitatu.

Caka cimodzi izi zisanacitike, mu 1925, anadzozedwa abusa oyamba a dziko lino a mbali ya Nkhoma, ndiwo Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza. Pano tiyenera kunena zoona, pakuti mbiri yobisa siphunzitsa munthu. Blantyre inadzoza Harry Matecheta ndi Stephen Kundecha m'caka ca 1911, ndipo Livingstonia inadzoza abusa ace atatu oyamba m'caka ca 1914, Nkhoma inacedwa. Momwemonso pa maphunziro: Misyoni m'masiku a Bambo Murray inalimbikira masukulu a m'midzi a Cinyanja, ulimi ndi nchito za manja, ndipo bungwe la Phelps-Stokes, poyendera dziko lino m'caka ca 1924, linayamika njira imeneyi, koma Cingerezi cinaperekedwa pang'ono, kotero kuti ana a Cigawo ca Pakati anatsalira m'mbuyo pa nchito za Boma, ndipo anthu anadandaula nazo zaka zambiri. Atsogoleri okalamba anapereka mphamvu, koma anaipereka pang'ono pang'ono, monga kholo loopa kupatsa mwana mpeni.

Kutsazika

Bambo Murray anaonanso Buku Lopatulika, nakonza malo ena, ndipo lokonzedwalo linaturuka m'caka ca 1936. M'caka ca 1937 anatula udindo, atakhala m'dziko lino zaka 43, nabwerera ku South Africa, kumene anamwalira m'caka ca 1947. Mwana wao, Dr Pauline Murray, amene pambuyo pace anakwatiwa ndi a J. L. Pretorius, anatsala kuno monga dotolo wosamala amai ndi ana. Nchito ya pakati pa amai inakula kufikira Cigwirizano ca Amai cinakhazikika m'caka ca 1940. Njira imene inayamba ndi Bungwe la Mipingo la 1903 inafika pa mapeto ace iwo atapita: Nkhoma inakhala Sinodi m'caka ca 1956, ndipo m'caka ca 1962 Misyoni inapereka masukulu, zipatala ndi katundu wace m'manja mwa Sinodi.

Makolo athu anati mlendo ndi mame. Awiriwa anakhala nafe nthawi yaitali kuposa mame, komabe anadziwa kuti tsiku la kucoka lidzafika, ndipo anasiya Mpingo wokhoza kukhala popanda iwo. Abale athu alaliki, aphunzitsi a kalasi ndi akulu a mpingo, ambiri a ife takalambira pa nchito imodzi, ndipo zimatiwawa pamene Presbiterio atisamutsa, kapena pamene mnyamata amene tinamphunzitsa kulemba aikidwa kutiyang'anira. Pa tsiku lotere tikumbukire banja limene linasiya Mvera, nilitsegula khomo kuti Namkumba ndi Katengeza akwere pa guwa. Tiphunzitse otilowa m'malo nthawi ikalipo, ndipo tisacedwe monga anacedwa ena; pakuti munda ngwa Mwini wace, ndipo khasu limene tiri nalo lero lidzagwidwa ndi wina mawa.