Chimene anataya anthu a ku Sophiatown

Mwa madera onse a mzinda wa Johannesburg, ku Joni kuja, palibe lina limene anthu amalilira ngati Sophiatown. Padutsa zaka zoposa 60 chiligwetsereni, koma mpaka lero m'maphwando ena anthu amavala zipewa ndi masuti a m'zaka za m'ma 1950 pokumbukira Kofifi, dzina limene eni dera ankalitchula. Alipo amene amati kupukwa kumeneku ndi bodza lokoma chabe, popeza derali linali la zisakasa, uve ndi mipeni, ndipo ulemerero wake anachita kuupeka alembi ochepa odziwa Chingerezi. Mawu amenewa si opanda pake, ndipo ambiri mwa iwo ndi oona. Koma amene amawanena amalakwitsa pa chinthu chimodzi: amayesa kuti anthu akulira nyumba ndi nyimbo, pamene chimene chinalandidwa kumeneko ndi ufulu wa munthu wakuda wokhala mumzinda popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Ufulu umenewu sunachite kuperekedwa dala ayi. Mu 1897 Herman Tobiansky anagula malo kumadzulo kwa mzindawu ndi cholinga choti adule mapuloti ogulitsa kwa azungu. Derali analitcha dzina la mkazi wake Sophia, ndipo misewu ina, monga Edith, Gerty, Bertha ndi Toby, inatenga mayina a pabanja pake. Khonsolo itamanga malo osonkhanitsirako zonyansa za m'zimbudzi pafupi pomwepo, azungu ananyansidwa nawo malowo, ndiye mwini wake anayamba kugulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama. Motero anthu akuda, amwenye, makaladi ndi Matchaina anagula mapuloti n'kulandira zikalata za umwini. Pamene lamulo la malo la 1913 ndi lamulo la m'matauni la 1923 ankatsekera anthu akuda mwayi wogula malo, Sophiatown inali itazika kale mizu, pamodzi ndi Martindale ndi Newclare zoyandikana nayo.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa chikalata chimenecho, ayang'ane kutsidya kwa msewu. Kumeneko kunali Western Native Township, lokeshoni ya khonsolo, yozingidwa ndi mpanda wachitsulo, yokhala ndi mzungu woyang'anira amene ankadziwa aliyense wogona m'nyumba iliyonse. Kulephera lendi, kuchotsedwa ntchito kapena kusunga m'bale wopanda chitupa kunali kokwanira kuti banja lithamangitsidwe. Ku Sophiatown kunalibe mpanda, kunalibe chipata, kunalibe woyang'anira. Apolisi ankabwerabe kudzafunsa mapasi ndi kudzakhuthula mowa, koma panalibe ofesi yonena kuti uyu agone pano, uyu asagone. Zonse zimene derali limatchuka nazo zinamera pa nthaka imeneyi. Dr A.B. Xuma, amene anatsogolera chipani cha ANC kuyambira 1940 mpaka 1949, anamanga nyumba yake mu Toby Street. Can Themba wa magazini ya Drum ankasonkhanitsa anzake m'chipinda chake chimene anachitcha House of Truth, n'kumakangana za mabuku ndi ndale usiku wonse. Holo ya kanema ya Odin inkasanduka bwalo la misonkhano, ndipo m'mashabini monga Back o' the Moon mphunzitsi, woyimba ndi wakuba ankamwera pa tebulo limodzi. Jazi ya Dolly Rathebe ndi anzake sinali chiyambi cha nkhaniyi. Inali chipatso cha malo amene munthu ankatha kulowa ndi kutuluka mwa kufuna kwake.

Tsono otsutsa aja amati: ufuluwo unali wa angati? Funso ili ndi lolemera kuposa onse, ndipo siliyenera kuzembedwa. Eni mapuloti anali ochepa. Anthu ambiri anali a lendi, othithikana m'tizipinda ta malata tomangidwa kuseri kwa nyumba, mabanja ambirimbiri pa mpope umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Eni nyumba ambiri anali ndi ngongole, ndipo njira yobwezera inali kuwonjeza zipinda ndi kukweza lendi. Usiku misewu inali m'manja mwa magulu a anyamata achiwembu monga Americans, Berliners, Gestapo ndi Vultures, ndipo wogwira ntchito wobwera ndi malipiro Lachisanu ankayenda mtima uli m'mwamba. Don Mattera, amene pambuyo pake anakhala mlakatuli wotchuka, anali mtsogoleri wa Vultures, ndipo sanabise zimenezi polemba mbiri yake. Apa pali mfundo imene otsutsa amaiwala: umboni wambiri wa zoipa za Sophiatown timaupeza kwa anthu omwewo amene ankailira. Bloke Modisane m'buku lake la 1963, Blame Me on History, ndi Bambo Trevor Huddleston m'buku la 1956, Naught for Your Comfort, analemba za uve, njala ndi imfa mosapsatira. Munthu wonamizira kuti kwawo kunali kokoma salemba chonchi. Anthuwa ankadziwa bwino lomwe kuti derali linali lovuta, komabe ankati chimene chinachitikacho chinali kuba.

N'zoonanso kuti a lendi ena anapita ku Meadowlands, kumene boma linkasamutsira anthu akuda a ku Sophiatown, mosakana kwenikweni. Kwa mayi amene wakhala zaka khumi m'kachipinda kamodzi ndi ana asanu, nyumba ya njerwa yokhala ndi bwalo lake sinali chinthu chonyozeka. ANC inalimbikitsa anthu kuti asasamuke, koma boma litabweretsa apolisi pafupifupi 2,000 m'mamawa wa pa 9 February 1955, masiku angapo lisanafike tsiku limene linalengezedwa, mabanja oyamba anakweza katundu wawo m'malole popanda nkhondo imene inkayembekezeka. Nelson Mandela anavomera pambuyo pake kuti chipanicho chinalonjeza zoposa zimene chikanatha kuchita. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti a lendi sanataye kanthu? Iyayi. Wa lendi wa ku Sophiatown akayambana ndi mwini nyumba ankasamukira pa puloti ina, poti eni nyumba anali ambiri. Ku Meadowlands mwini nyumba anali mmodzi, boma, ndipo yemweyo ndiye anali ndi apolisi ndi ofesi ya mapasi. Nthaka sinali yogula. Anthu anagawidwa m'zigawo motsata zilankhulo zawo, oyankhula Chizulu ndi zofanana nacho uku, oyankhula Chisotho uko, pamene ku Sophiatown ankagawana mpope osafunsana mtundu. Amwenye anapititsidwa ku Lenasia, makaladi kumadera awo. Ulendo wa kuntchito unatalika ndi kudula. Choncho ngakhale amene analandira khoma labwino analipira ndi chinthu chimene sankachiwerengera mpaka chitachoka.

Boma la National Party, limene linalowa mu 1948, linkati likuchotsa zisakasa pofuna ukhondo. Chikanakhala chifukwa chenicheni, likanayambira ku Moroka ndi ku zisakasa za ku Orlando, kumene anthu ankakhala movutika kuposa ku Sophiatown. Bambo Huddleston ananena zimenezi nthawi yomweyo. Likanathanso kuchepetsa anthu pa puloti iliyonse n'kusiya eni malo pamalo pawo. M'malo mwake lamulo la Natives Resettlement Act la 1954, m'nthawi imene Hendrik Verwoerd anali nduna yoona za anthu akuda, linachotsa onse, wa chisakasa ndi wa nyumba ya zipinda zambiri yemwe. Vuto la Sophiatown m'maso mwa boma linali lakuti mzinda unali utakula n'kuizungulira, azungu a ku Westdene ndi Newlands anali atasanduka anansi ake, ndipo pakati pawo panali anthu akuda okhala ndi zikalata za malo. Pomwe ntchitoyi inkatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anthu pafupifupi 60,000 anali atachotsedwa. Pamabwinjapo anamanga nyumba za azungu a ntchito wamba, ndipo dera latsopanolo analitcha Triomf, kutanthauza chipambano m'Chiafrikaans. Amene akungokonza ukhondo satcha malo dzina lotero.

Pali chenjezo limodzi lokha limene ndikuona kuti otsutsa akulondola kotheratu. Kupukwa kukasanduka malonda, kumasankha zokumbukira. Chipewa chopendeka ndi lipenga zimagulitsika, koma mayi wochapa zovala za azungu, wofulula mowa mobisa kuti alipire fizi ya mwana, saoneka kawirikawiri pa zithunzi za m'maphwando, chonsecho ndiye ankadyetsa derali. Alembi a Drum anali amuna ophunzira, ndipo Sophiatown imene dziko limaidziwa ndi yawoyo. Koma mankhwala ake ndi kukumbukira zambiri, osati kuleka kukumbukira. Amayi omwewo ankafulula ndi kuchapa kumeneko chifukwa kunali kufupi ndi makasitomala awo ndiponso kunalibe woyang'anira wowawerenga pachipata, ndiye nkhani yawo ikulimbitsa mfundo yomwe ija.

Mu 2006 khonsolo ya Johannesburg inabwezeretsa dzina la Sophiatown. Mwa nyumba zakale zimene zinapulumuka pali tchalitchi cha Christ the King mu Ray Street, kumene Huddleston ankatumikira, ndi nyumba ya Dr Xuma, imene tsopano ndi malo osungirako mbiri. Lamulo la 1994 lobwezera malo linapatsa mabanja ochotsedwa mwayi wodandaula, ndipo ambiri analandira ndalama m'malo mwa mapuloti, poti pamalopo pakukhala anthu ena amene nawonso ali ndi zikalata zawo. Zidzukulu za ochotsedwa aja zambiri zikadali ku Meadowlands, ndipo kumeneko nako kwasanduka kwawo.