Mphunzitsi amene anataya buku la malangizo

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga kuno ku Kabwazi, tamvani kambiri aka. Mu 1981 kanema wa ABC ku America anayamba kuonetsa sewero la The Greatest American Hero. Ralph Hinkley, mphunzitsi ngati ife, analandira chovala champhamvu kwa zolengedwa zochokera kudziko lina, koma anataya buku la malangizo. Pouluka ankangogunda makoma. Oonera nawo ankangoganizira mphamvu zina zimene chovalacho chinkabisa.

Kuno zinatipita, poti TVM inadzayamba mu 1999. Koma ana athu anadzatsutsana chimodzimodzi za wotchi ya Ben 10, sewero la mu 2005.

Ine ndimati zongoganizira zimachuluka buku likasowa. Nanga si momwe zimakhalira makompyuta akafika pasukulu popanda wotiphunzitsa?