Nyimbo m'Nthano za Adzukulu a Machona ku Glen View

Glen View ndi limodzi mwa madera okhala anthu ambiri kummwera chakumadzulo kwa mzinda wa Harare. Derali linatsegulidwa mu 1979, pamene anthu ankapatsidwa malo kuti adzimangire okha nyumba. Pakati pa amene anakhazikika kumeneko panalinso ana ndi adzukulu a machona, anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kummawa kwa Zambia kukagwira ntchito m'minda ya fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, makamaka m'nyengo ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963.

Ana a m'mabanja amenewa anakula akuyankhula Chishona pamasewera ndi Chingerezi kusukulu. Chichewa chinatsala pakamwa pa agogo, ndipo mwana wochiyankhula poyera ankanyozedwa kuti ndi "mubhurandaya", dzina lochokera ku mawu akuti Blantyre. Komabe madzulo, agogo akanena kuti "Padangokhala", adzukulu ankayankha kuti "Tili tonse", monga momwe anzawo a Chishona amayankhira kuti "Dzepfunde". Apa ndi pamene panali sukulu yawo ya nthano, ndipo chida chachikulu cha mphunzitsi chinali nyimbo.

Nthano ya Kamdothi ikuonetsa bwino m'mene nyimbo imasenzera nkhani. Mayi wosowa mwana aumba mwana ndi dothi, ndipo akaona mitambo ikuda amamuimbira kuti athawe mvula. Nyimboyo imabwerezedwa kangapo, mawu ake osasintha, koma ulendo uliwonse mwanayo amakhala ali patali kuposa poyamba. Motero womvera amazindikira yekha kuti ngozi yayandikira, wosimba asananene. Nyimbo imagawa nthano m'magawo, imaulula mantha amene mawu wamba sangawafikepo, ndiponso imapatsa ana gawo lawo, popeza wosimba amatsogolera, iwo n'kumavomera. Mwana amene wavomera nyimbo katatu waphunzira kale za chiyambi, pakati ndi mathero a nkhani, ngakhale palibe amene wamutchulira mawu amenewa. Chifukwa chakuti mawu oimbidwa sasinthika msanga, mdzukulu amatha kusimba nthano yonse m'Chishona, koma akafika panyimbo amaimba m'Chichewa.

Kunja kwa nyumba, phunziroli linkapitirira pabwalo la Gule Wamkulu, amene ku Zimbabwe amatchedwa "zvigure", ndipo bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005. Kumeneko ng'oma ndi nyimbo ndizo zimauza anthu khalidwe la chilombo chimene chalowa m'bwalo ndi mwambo umene chabweretsa. Pawailesi namo, oimba sungura a m'mabanja ochokera ku Malawi, monga Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, anamveketsa Chichewa m'nyimbo zosimba za umphawi, banja ndi ubale.

Mabungwe ndi boma anabwera pambuyo. Bungwe la CHIPAWO, limene linakhazikitsidwa ku Harare mu 1989 ndi akatswiri monga Stephen Chifunyise ndi Robert McLaren, linayamba kuphunzitsa ana zisudzo, magule ndi nyimbo pamodzi. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anaika Chichewa pamndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo mu 2017 maphunziro a zaluso analimbikitsidwa m'sukulu zapulaimale.

Vuto lagona poti mbadwo umene unabwera ndi nthanozi kuchokera kumudzi ukutha. Buku limasunga mawu a nyimbo, koma silisunga maimbidwe ake kapena malo oyenera kuvomera. Nthano ya Kamdothi ikangowerengedwa popanda kuimba, mwana amamva zimene zinachitika, koma samva nkhawa ya mayi uja. Ndi chifukwa chake ntchito yojambula mawu a agogo amene atsala ku Glen View, ndi kuwaitana kuti akaimbe m'makalasi, siyenera kudikira.