Galimoto ya X-ray yomwe anthu ankangoidutsa

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, boma la America linkatumiza magalimoto okhala ndi makina a X-ray m'madera momwe anthu amakhala kuti ajambulitse m'chifuwa, aone ngati ali ndi TB. Zinali zaulere, ndipo galimoto inkaima pafupi ndi makomo awo. Koma ambiri ankangoidutsa ngati sakuiona. Madokotala anagwira njakata: mankhwala a TB anali atapezeka kale, nanga anthuwa akuthawanji?

Funsoli analitenga akatswiri a za maganizo a ku U.S. Public Health Service, monga Godfrey Hochbaum ndi Irwin Rosenstock. Mu 1958 Hochbaum anatulutsa zomwe anapeza. Munthu ankakwera m'galimotomo akakhulupirira kuti nthendayo ingamugwire iyeyo, osati mnansi wake yekha, komanso kuti kuidziwa msanga kungamupindulire. Ganizoli linakula n'kudzatchedwa Health Belief Model, ndipo wophunzira health psychology, maphunziro a momwe maganizo amakhudzira thanzi la thupi, amakumana nalobe m'kalasi.

Nawo madokotala ena anali atayamba kununkhiza zomwezo. Ku San Francisco, madokotala awiri a mtima, Meyer Friedman ndi Ray Rosenman, analemba mu 1959 za anthu apiringupiringu, osaugwira mtima, omwe anawatcha a Type A, n'kunena kuti amadwala mtima kuposa anzawo. Friedman ankakonda kusimba kuti wokonza mipando ndiye anamutsegula maso atadabwa kuti mipando ya odwala inkangothera kutsogolo kokha, ngati kuti eni ake sankakhazikika. Nkhaniyi ndi yokoma, koma kafukufuku wa pambuyo pake anaichepetsa mphamvu. Chomwe chinatsala chikukayikiridwabe ndi mkwiyo ndi chidani, osati changu pa ntchito.

Amene anamenya pamutu penipeni ndi George Engel wa ku University of Rochester. Mu 1977 analemba m'magazini ya Science kuti chipatala chimalakwa chikamaona wodwala ngati thupi lokha, osalabadira maganizo ake ndi anthu omwe amakhala nawo. Chaka chotsatira, mu 1978, bungwe la American Psychological Association linatsegula nthambi ya nambala 38, ya health psychology, pansi pa Joseph Matarazzo. Ku Ulaya anakhazikitsa bungwe lawo mu 1986, ndipo ku Britain nthambi yokhazikika inabwera mu 1997.

Ambiri amasokoneza ntchitoyi ndi ya dokotala wa matenda a m'maganizo. Dokotala ameneyo anaphunzira zachipatala ndipo amalembera mankhwala. Katswiri wa health psychology amagwira kwambiri ndi anthu omwe akudwala m'thupi: wa shuga yemwe zakudya zomwe anamuuza zikumukanika, wosuta yemwe wayesa kangapo kusiya fodya, wa ululu wosatha, kapena yemwe akunjenjemera ndi opaleshoni ya mawa. Ena amaphunzitsa anamwino ndi madokotala kalankhulidwe kabwino kwa odwala, ena amakonza mauthenga a zaumoyo, ndipo ambiri amathera m'mayunivesite pa kafukufuku.

Njira yake ndi yayitali. Ku Britain munthu amayamba ndi digiri ya psychology yovomerezedwa ndi British Psychological Society, kenako chaka chimodzi cha masters, n'kumaliza ndi zaka zosachepera ziwiri akugwira ntchito moyang'aniridwa ndi katswiri. Kuyambira mu 2009 lamulo la kumeneko sililola munthu kudzitcha health psychologist ngati sanalembedwe m'kaundula wa bungwe lomwe tsopano limatchedwa HCPC.

Kwathu kuno funso la Hochbaum si lachilendo. Ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, komabe pali amene amaleka kumwa thupi likangobwerera, ndi abambo omwe amatuma mkazi kusikelo n'kumati zotsatira za magazi ake ndi zawo zomwe. Alangizi a m'zipinda zoyezera magazi amalimbana ndi zimenezi tsiku ndi tsiku, ngakhale dzina la Hochbaum sanalimvepo. Wa Fomu 4 yemwe ntchitoyi yamukoka angayambire ku Zomba, komwe University of Malawi imaphunzitsa psychology, koma adziwiretu kuti digiri yoyamba yokha siimufikitsa.