Sefa yotaya ng'ombe

Wolemba pulogalamu ya kompyuta akafuna kusefa mawu savutika. Amandandalika zilembo zololedwa, ndipo pulogalamuyo imayendera liwu lililonse, chilembo ndi chilembo. Ikangopezamo chimodzi chachilendo, liwu lonselo lapita ku madeya. Ambiri amangolemba [a-z], zilembo 26 za Chingerezi, n'kumati ntchito yatha.

Tathirani Chichewa m'sefa yotereyi muone. Q ndi x akudutsa mwaulemu, chonsecho mawu athu alibe nawo ntchito. Koma ng'ombe yatsalira, ng'ona yatsalira, m'mudzi namonso mwakanidwa.

Chapalamula ndi nkhodolero, ija ya pakati pa g ndi o. Ena pofuna kuchita changu amauza pulogalamu kuti iyambe yafufuta zizindikiro zonse isanasefe. Apa ndiye pondiwawa. Mu liwu loti m'mudzi, nkhodolero ikungosonyeza kuti u wa mu wagwa. Mu ng' simunagwe kanthu, chizindikirocho ndi chiwalo cha chilembo, monga mwendo wa p. Chichotseni pa ng'oma, mutsala ndi ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Gule angavinike ndi imeneyo?

Ndiye nkhodolerozo zilipo ziwiri. Yoongoka kompyuta imaidziwa ndi nambala 39, pomwe yokhota, imene Microsoft Word imakonda kuika yokha munthu akamalemba, ndi 8217. Wowerenga sasiyanitsa, koma sefa yololeza imodzi imataya inzake.

Palinso ŵ wa m'dzina la Malaŵi. Pa zizindikiro 128 za ASCII palibepo; malo anawapeza mu Unicode, pa nambala 373. Amathanso kulembedwa ngati w wamba wotsatana ndi kadenga kapadera, choncho pulogalamu iyambe yaphatikiza ziwirizi. Inde, olemba ambiri lero anamusiya, koma m'mabuku akale ngwosasowa, ndipo ine sindingalole sefa kutaya mawu a agogo chifukwa zidzukulu zachita ulesi.

Ngakhale mndandanda utakonzedwa bwino, sefa yoona chilembo chimodzichimodzi sidziwa kuti ku Malaŵi c sayenda wopanda h. Liwu loti cimanga lidutsa ndithu. Ku Chipata m'dziko la Zambia n'lolembedwa bwino, koma mphunzitsi wa ku Dedza alizunguliza ndi cholembera chofiira. Tsono wolemba pulogalamu ayambe wafunsa kuti ufawo akusefera a mbali iti ya Mchinji.